Kudzutsa nkhalango kuchokera pa zitsa

Kungoteteza mitengo yotsala m'nkhalango ya Kaning'ina sikokwanira. Mapiri amene tawameta mpala chifukwa cha makala ayenera kubwerera mwakale, poti madzi a m'damu la Lunyangwa, amene timamwa mu Mzuzu muno, amadalira nkhalango. Njira yosafuna ndalama ndi kusamala zitsa zimene zikuphukira. Chitsa cha msuku kapena mombo chili kale ndi mizu yozama, n'chifukwa chake mphukira zake zimakula msanga kuposa mbande za m'machubu.

Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira 3 mpaka 5 zowongoka ndi zamphamvu, zinazo dulani. Mukasiya zonse zimalimbirana chakudya n'kungosanduka chitsamba. Chikwanje chikhale chakuthwa, ndipo muzitema chokweza m'mwamba. Kutema chotsitsa kumasenda khungwa, pabalapo n'kuyamba kuwola. Nthambi zam'mbali sadzani kulekeza theka la msinkhu wa mphukirayo basi. Mukapitirira pamenepo imatsala yowonda ndipo mphepo imaithyola.

Bwererani pakatha miyezi 6 kudzachotsa zophukira zatsopano. Zodulazo ndi nkhuni zanu, koma masamba asiyeni pansi awolerane. Mvula ikangotha, udzu usanaumitsitse, lambulani mozungulira malowo kuti moto usalowe, ndipo mbuzi muzizimangirira kutali.