Momwe mungavekere galu nsapato kuti muziyenda naye mitunda italiitali

Si galu aliyense amene amafunika nsapato. Amene amangozungulira pakhomo, kapena amene mumayenda naye pa udzu m'mawa, musiyeni. Chikopa cha kuphazi kwake chimakhwima chokha akamayenda tsiku ndi tsiku. Nsapato n'za galu amene mumapita naye kutali: kukwera mapiri, kuthamanga m'misewu ya miyala, kudutsa m'tchire la minga, kapena kuyenda pa phula dzuwa likuswa mtengo. Phulalo ndi limene limapusitsa anthu ambiri. Kunja kukamatentha madigiri 25 okha, phula lomwe lili padzuwa limatha kufika madigiri 50. Gundani kuseri kwa dzanja lanu pansipo, ndipo mukalephera kupirira kwa masekondi 7, dziwani kuti galuyo apsa mapazi.

Choyamba ndi kuyeza phazi, musanayambe n'komwe kusirira nsapato. Tengani pepala, cholembera ndi rula. Galuyo aime pamalo olimba, phazi limodzi lili papepalapo, kenako munyamule phazi la mbali inayo kuti thupi litsamire pa lomwe mukuyezalo. Phazi la galu limatambasuka akaponda, choncho mukamuyeza ali chigonere mudzagula nsapato zomuthina. Lembani mizere iwiri uku ndi uku pomwe phazi latakata kwambiri, muyeze pakati pake. Yezani lakutsogolo, muyezenso lakumbuyo. Agalu ambiri mapazi akutsogolo amakhala aakuluko, poti miyendo yakutsogolo ndi imene imasenza pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwa thupi. N'chifukwa chake makampani ena, monga Ruffwear, amagulitsa nsapato ziwiriziwiri m'malo mwa zinayi za saizi imodzi.

Pogula, wogulitsa akuuzeni saizi m'masentimita kapena m'mainchesi. Ena a pa intaneti amangolemba S, M ndi L, kapena kuti "za agalu aakulu", pomwe chithunzi aikapocho anachitola kwina. Amenewo athaweni. Nsapato zawo zimabwera zinayi pamtengo wokoma, koma labala wa pansi amakhala wongomata ndi guluu, ndipo akanyowa kamodzi amayamba kumatuka. Mukawerengera kugula kawiri, zotchipazo ndi zimene zimakhala zodula.

Mitundu ilipo ingapo. Pali timatumba tansalu tomwe amaveka agalu okoka ngolo pa chipale chofewa. Pa mpikisano wa Iditarod ku Alaska, aliyense wopikisana amayenera kunyamula tinsapato 8 pa galu aliyense. N'topepuka, koma pa miyala timabooka msanga. Palinso tina ta labala yekhayekha tokhala ngati baluni, tomwe sitilowa madzi komanso sitilowa mpweya, pomwe galu amatuluka thukuta kumapazi. Pa ulendo wautali ine ndimasankha zokhala ndi labala wa mano pansi, nsalu yolowa mpweya pamwamba, ndi lamba womata wa Velcro.

Tsopano tifike povuta penipeni, pomwe opanga nsapato sanenapo zambiri. Gwirani mwendo wakutsogolo wa galu wanu, muyang'ane cha mkati, pamwamba pang'ono pa phazi. Muona kachala kamodzi kokhala pakokha, komwe sikagunda pansi. Nsapato zambiri lamba wake amadutsa pomwepo ndendende. Galu akamayenda, lambayo amakanikiza kachikhadabo kake pa khungu, ndipo kamakwecha pang'onopang'ono paliponse pomwe waponda.

Galu wanga zinamuchitikira. Ulendo wonse sanatsimphine, mchira uli m'mwamba, akukoka chingwe monga mwa masiku onse. Pomuvula madzulo ndinapeza ubweya wa pansi pa kachalako utatha, khungu litasupuka lili psuu, timagazi titaumira pa lamba. Galu wokonda kuyenda sakuuzani kuti akumva kuwawa, amangopitirira. Bala la pamenepo limachedwanso kupola chifukwa amalinyambita usiku wonse.

Pofuna kupewa zimenezi, wengani zikhadabo musanamuveke, osaiwala cha kachala kaja. Popeza sichigunda pansi, sichiperepeseka chokha, chimangokula n'kumapindika. Wengani kunsonga kokha, chifukwa mkati mwa chikhadabo muli mtsempha wa magazi. Mukatero muvekeni sokosi. Alipo masokosi opangira agalu, koma a ana akhanda amagwiranso ntchito bwinobwino, bola akhale opyapyala ndiponso atalike kupitirira pomwe pathera nsapato. Ena amakulunga bandeji yodzimata yokha ija. Ndi yabwino, koma musakoke pokulunga, mungatseke magazi phazi n'kutupa.

Polowetsa phazi, masulani lamba yense, mugwire kachalako ndi chala chanu chachikulu kuti kagone motsata mwendo, kasapindikire m'mwamba. Kankhani mpaka zala zifike kutsogolo kwa nsapato, ndipo mumange galuyo ataimirira, ataponda. Onani pomwe lamba wagwera. Akagwera pa kachala penipeni, mutsitseni kapena mumukweze pang'ono. Zikakanika, nsapato za mtundu umenewo si za galu wanu, ngakhale saizi itakhala yolondola. Kumanga kwake, ambiri amachita chifundo n'kumanga mokhwepa, koma nsapato yokhwepa ndi imene imazungulira, kukwecha khungu, kenako n'kuvukira m'tchire. Ikhale yogwira moti mukaipotoza isatembenuke, koma nsonga ya chala chanu izitha kulowa pansi pa lamba movutikira. Mukayenda mphindi 10 kapena 15, imani, mumuvule, muone khungu, mumangenso. Nthawi imeneyi nsalu imakhala itakhwepako. Mukaona pofiira, ulendo wa nsapato wathera pomwepo kwa tsikulo.

Za kumuzoloweza si nkhani yaitali. Yambirani m'nyumba ndi zakutsogolo zokha, kwa mphindi zochepa. Adzayenda mokweza miyendo ngati akuwoloka madzi ozizira, mwina n'kuima chilili osasuntha. Musamuseke nthawi yaitali, muponyereni mpira kapena mumupatse kachakudya kuti aiwale za kumapazi. Mawa lake onjezani zakumbuyo, kenako tulukani panja, muziwonjezera mtunda pang'onopang'ono. Nsapato zatsopano musayambe nazo ulendo wa tsiku lonse.

Panjira, muzimuvula popuma paliponse, kukhutula mchenga ndi kusiya mapazi aume. Kukatentha kumbukirani kuti nsapato zateteza mapazi okha, thupi likutenthedwabe, ndiye madzi akumwa ndi mthunzi zisasowe. Musamusiye yekha atavala, adzazitafuna. Nyamulani imodzi yapadera m'chikwama.

Mukafika kunyumba zichapeni ndi madzi ndi sopo pang'ono, muziyanike pamthunzi, osati pafupi ndi moto. Mafuta opaka kuphazi, monga Musher's Secret, amathandiza kuti chikopa chisang'ambike, koma munga kapena galasi losweka sangaletse. Phazi likachekeka mozama, kapena galu akamatsimphinabe mpaka mawa lake, pitani naye kwa dokotala wa ziweto.