Kusintha kebulo ya throttle ya snowmobile mukakweza handulo

Wina wakweza handulo ya snowmobile yake ya Polaris (chokwera cha injini choyenda pa chipale chofewa) ku Canada, ndipo akakhota injini ikulira mwamphamvu yokha asanakanikize throttle, chokanikiza chowonjezera mphamvu ya injini. Akufunsa chochita.

Kebulo ya throttle yafupika, ndiye ikukokeka akakhota. Gulani yaitali kuposa yakaleyo molingana ndi mmene mwakwezera handulo.

1. Zimitsani injini, chotsani kiyi.
2. Masulani kebulo yakale kumwamba pa chokanikiza ndi chala chachikulu, kenako kumunsi ku kabureta. Ngati ili ndi nthambi yopita ku pampu ya oyilo, onani zizindikiro za pa pampuyo musanachotse, kuti mudzazifananitse. Mukaphonya pamenepa, injini ya two-stroke (yowotcha oyilo pamodzi ndi petulo) imasowa oyilo n'kugwira.
3. Yatsopanoyo idutse mmene inadutsa yakale, osaipinda kwambiri.
4. Siyani kampata ka 0.25 mpaka 0.8 mm pa chokanikiza. Kakakula kuposa apo, switch ya chitetezo imayesa kuti throttle yakanirira, n'kuzimitsa injini. Ena amangoidula switch imeneyi, musatero.

Injini ili chozima, tembenuzani handulo mbali zonse, kanikizani throttle n'kusiya. Ibwerere yokha msanga. Musathire girisi mu kebulo, amauma ndi kuzizira.

Poliza koyamba, nyamulani kumbuyo kuti lamba woyendera wa snowmobile asakhudze pansi, chingwe chozimitsira injini mutachikola pa jekete.