Berenil sachiza matenda onse a m'magazi

Dzinja lino ndayenda m'makola a ku Seke ndi ku Goromonzi kuno ku Zimbabwe, ndipo zimene ndikupeza n'zimodzimodzi: timapaketi ta diminazene, uja tonse timangoti Berenil, tili mbwee kuseri kwa khola, ng'ombe ili gone, thovu likutuluka m'mphuno. Mwini wake akudabwa, eti anabaya kale.

Munabaya inde, koma munabaya chiyani? Mankhwalawa amapha tizilombo ta Babesia, tija timakodzetsa ng'ombe magazi, ndi ta kashembe ta ku chigwa cha Zambezi. Matenda amene akutha ng'ombe kuno ndi January disease, m'bale wake wa chigodola chija timachidziwa kumudzi ku Malawi. Kachilombo kake ndi Theileria, kamabwera ndi nkhupakupa zofiirira zokonda m'makutu, ndipo Berenil sakakhudza n'komwe. Masiku amene mukudikira kuti jakisoni agwire ntchito ndi amene mapapo akudzaza madzi. Ndalama yapita, ng'ombe yapita, nkhupakupa zimene zagwa m'msipu zikudikira inzake.

Oweta ngamila ku Somalia, Kenya ndi Sudan nkhaniyi amaidziwa bwino. Ngamila zawo zimavutika ndi matenda a surra, oyamba ndi Trypanosoma evansi, kachilombo kamene Griffith Evans anakapeza ku India mu 1880. Kamafala ndi ntchentche zoluma. Ngamila imawonda pang'onopang'ono, mkaka umaphwa, bere limachoka, ndipo ina imayenda nako miyezi yambiri osaoneka kudwala, kwinaku ikupatsira zinzake. Tsono diminazene yemweyo kwa ngamila ndi poizoni, madokotala amasankha ena monga melarsomine. Mankhwala amayendera mtundu wa kachilombo ndi mtundu wa chiweto.

Bambo wina wa ku Mufakose, amene ng'ombe zake zimakhala kwa apongozi cha ku Norton, anandiimbira usiku. "Alangizi, ndabaya kawiri koma sikudzuka." Nditafunsa za dibi anati, "Agogo athu ku Dedza sankaviika, koma khola linali lodzaza." Ndinafika m'mawa, mwanabere atatupa pansi pa khutu ngati dzira, m'makutumo nkhupakupa zili thothotho. Zinayi zinafa sabata imeneyo. Za agogozi ndatopa nazo, kunena zoona. Agogo sankagula ng'ombe pa WhatsApp n'kuzikweza lole usiku popanda chilolezo.

Ng'ombe ikatentha thupi n'kutupa mwanabere, itanani a zaziweto tsiku lomwelo atenge magazi a kukhutu ndi madzi a m'chotupacho akaunike, kaya ku ofesi ya boma lanu kaya ku Central Veterinary Laboratory pa Borrowdale Road ku Harare. Ikakhala Theileria, mankhwala ndi buparvaquone, ndipo amathandiza mukafulumira. Viikani katatu pa masabata awiri, kuja amati 5-5-4 (pakapita masiku asanu, asanu ena, kenako anayi), ndipo girizi wa nkhupakupa pakani m'makutu ndi kunsi kwa mchira.