Milltown wake uti?

Apongozi anga aakazi ndi a ku Ireland. Anandipempha ndiwafufuzire za agogo a agogo awo, amene akuti anali ndi fakitale yopota ulusi wa fulakesi, mbewu yopangira nsalu. Zomwe ankadziwa ndi dzina la banja ndi malo otchedwa Milltown basi.

Ndinataya milungu itatu ndikulondola banja la eni. Dziko la Ireland linagawidwa m'timadera totchedwa townland, toposa 60,000, ndipo dzina loti Milltown lili mbwee m'maboma ambiri. Komanso mabanjawo ankangobwereza mayina, John kubereka John. Kalembera wa 1821 mpaka 1851 akanandithandiza, koma zambiri zinapsa mu 1922 ku Four Courts, likulu la makhoti mumzinda wa Dublin, komwe zinkasungidwa.

Chinandiwombola ndi Griffith's Valuation, kaundula wa malo wa 1847 mpaka 1864. Mmenemo townland iliyonse ili pansi pa parishi yake, ndipo amalemba chomwe chinali pamalopo ndi amene anabwereketsa malowo. Ndinapezamo a John awiri: mmodzi anali ndi nyumba ndi kamunda chabe. Winayo, nyumba ndi fakitale m'mbali mwa mtsinje. Ndinaseka ndekha usiku, tiyi atazizira kalekale.

Kenako ndinapita ku mabuku a Registry of Deeds, ofesi yolembetsera mapangano a malo, yomwe inayamba mu 1708. Mabanja a eni mafakitale ankakonda kukwatirana okhaokha, ndipo chuma cha mkwatibwi ankachilembetsa. Pangano limodzi laukwati linatchula bambo wa mtsikana, alongo ake awiri ndi townland zitatu. Zolembazo n'zowawitsa maso, osanama, koma m'menemo ndinapezamo dzina lomwe apongozi ankalimva ali mwana.