Limu yopaka utoto waufa isakandike pomata tayala panjira

Anzanga a njinga zamoto, ngati mukufuna kupakitsa limu utoto waufa uja amauwotcha mu uvuni, chotsani kaye mabearing, marabara ndi valavu. Uvuniwo umatentha pafupifupi madigiri 200, ndiye girizi amasungunuka, rabara n'kupsa. Uzaninso wopakayo aphimbe malo okhala mabearing ndi pomangirira disiki ya mabuleki. Utotowu ndi wokhuthala; ukalowa pamenepo bearing imakana kukhala bwino, disiki n'kumayenda mopendekeka.

Tsono tayala likabooka panjira, musathamangire kulitekenya ndi sikuludiraiva. Ambiri amakanda limu yokongola pomwepa. Dulani kachidutswa ka paipi yamadzi kapena ka botolo lapulasitiki, muziyika pansi pa chitsulo chochotsera tayala.

Mukatulutsa chubu, yendetsani zala pang'onopang'ono mkati mwa tayala mpaka mupeze msomali kapena minga. Mukausiya, chigamba chatsopanocho n'chachabe. Palani pabowopo, pakani guluu, dikirani aume mpaka asamamatire chala, ndiye matani. Pobwezera chubu, pompanimo kampweya pang'ono kuti chitsulo chisachitsine.

Ngati tayala ndi lopanda chubu, nthambo zotsekera bowo zimathandiza pa mbali yoponda pansi yokha. Likabooka m'mbali, gulani lina.