Momwe mungagwiritsire ntchito mapu ndi GIS pofufuza za magombe ndi nyanja zamchere

Wofufuza amene anazolowera kujambula mapu a kumtunda amakumana ndi vuto lachilendo akafika pagombe, chifukwa kumeneko malire a madzi ndi nthaka sakhala pamalo amodzi. Msewu umene mwaujambula m'mawa mudzaupeza pomwepo madzulo, koma mzere wa gombe umasuntha nyanja ikamadzaza ndi kuphwa, umasuntha ndi nyengo za pachaka, ndipo umasunthanso pang'onopang'ono m'kupita kwa zaka. GIS, yomwe ndi njira yosonkhanitsira, kusanjikiza ndi kusanthula pa kompyuta uthenga wokhudza malo, imathandiza kwambiri pa kafukufuku wotere, koma imathandiza okhawo amene amadziwa tsiku, ola ndi msinkhu wa madzi wa mzere uliwonse umene aujambula. Ndondomeko ili m'munsiyi yatsata mfundo imeneyi.

Gawo loyamba: Lembani funso musanayatse kompyuta

Kufuna kudziwa za gombe sikukwanira kukhala funso la kafukufuku. Funso loyenera limatchula chinthu, malo ndi nthawi, monga kufunsa kuti gombe la mchenga la pakati pa mitsinje iwiri labwerera mamita angati kuchokera mu 1990, kapena kuti mitengo ya mangrove (yomera m'matope a madzi amchere) ya pamathiriro a mtsinje yachepa ndi mahekitala angati m'zaka khumi. Funsolo ndi limene lidzakuuzeni zithunzi zoyenera, ndiponso lidzakuletseni kutaya masabata mukukopera zinthu zimene simudzazigwiritsa ntchito.

Gawo lachiwiri: Sankhani pulogalamu ndi dongosolo la manambala a malo

Pulogalamu ya QGIS, imene Gary Sherman anaiyamba mu 2002, ndi yaulere ndipo imakwanitsa pafupifupi zonse zofunika pa ntchitoyi. ArcGIS ya kampani ya Esri ndi yolipira, ngakhale kuti mabungwe ambiri ndi masukulu aukachenjede amaigwiritsa ntchito. Kusankha pakati pa ziwirizi si nkhani yoti ikuchedwetseni.

Chofunika kusamala nacho ndi dongosolo la manambala osonyeza malo. Zida za GPS zimapereka manambala m'dongosolo la WGS 84, limene limawerengera m'madigiri, ndipo madigiri si oyenera kuyezera mtunda kapena kukula kwa malo, popeza digiri imodzi yopingasa ndi makilomita pafupifupi 111 pa equator koma imatsika kufika pa theka lake mukafika pa madigiri 60 kumpoto kapena kummwera. Choncho sinthani mapu anu onse kuti akhale m'dongosolo lowerengera m'mamita, monga UTM, imene imagawa dziko lapansi m'zigawo 60 za madigiri 6 chilichonse. Onetsetsani kuti mwasankha chigawo cholondola, komanso kuti simunasokoneze cha kumpoto ndi cha kummwera kwa equator, chifukwa cholakwika chimenechi chimaponya gombe lanu kutali ndi kumene lili.

Ngati kafukufukuyo akukhudza malamulo, ikani pamapu malire a panyanja. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja la mu 1982 limapatsa dziko ulamuliro pa madzi ofika mailosi a panyanja 12 kuchokera pamzere woyambira, ndi ufulu pa chuma cha m'nyanja mpaka mailosi 200. Mailosi amodzi a panyanja ndi mamita 1,852, ndipo mzere woyambirawo nthawi zambiri umatsata pamene madzi amafika nyanja ikaphwa.

Gawo lachitatu: Sonkhanitsani zimene ena anajambula kale

Masetilaiti a Landsat akhala akujambula dziko kuyambira mu 1972, ndipo zithunzi zake zakhala zaulere kuyambira mu 2008. Pa zithunzi za kuyambira m'zaka za m'ma 1980, kadontho kamodzi kamaimira mamita 30 m'litali ndi m'lifupi. Sentinel-2 ya ku Europe, imene inayamba mu 2015, imaonetsa bwino kuposa pamenepo, mamita 10 pa kadontho, ndipo imabwerera pamalo amodzi pafupifupi masiku asanu alionse. Kumene mitambo imaphimba gombe miyezi yambiri, Sentinel-1 imathandiza chifukwa imagwiritsa ntchito radar, imene mitambo ndi mdima siziitchinga.

Apa pafunika kuwerengera pang'ono. Ngati gombe likukokoloka mita imodzi pachaka, m'zaka zisanu libwerera mamita asanu okha, ndipo zimenezi sizingaoneke pa chithunzi chimene kadontho kake ndi mamita 30. Wofuna kuona kusintha kochepa chonchi ayenera kutenga zithunzi zotalikirana zaka makumi angapo, kapena kufunafuna zithunzi zakale zojambulidwa pandege, kapenanso kuulutsa drone yekha atatenga chilolezo kwa oyang'anira zamaulendo apandege.

Za kuya kwa nyanja mungazipeze ku GEBCO, mapu a pansi pa nyanja za dziko lonse lapansi, koma dziwani kuti kabokosi kake kamodzi ndi mamita pafupifupi 450, ndipo mbali yaikulu ya pansi pa nyanja sinayezedwebe mwachindunji ndi sitima. Mapu amenewa ndi abwino poonetsa nyanja yonse, osati popanga chiganizo cha doko laling'ono. Global Mangrove Watch imasonyeza kumene kuli mitengo ya mangrove, Allen Coral Atlas imasonyeza matanthwe a korali (opangidwa ndi tizamoyo ta m'nyanja) a m'madzi osaya, ndipo Global Fishing Watch imasonyeza kayendedwe ka sitima zophera nsomba potsata zizindikiro za AIS, chida chimene chimaulutsa pamene sitima ili. Komabe mabwato ang'onoang'ono ambiri alibe chida cha AIS, kotero malo ooneka opanda kanthu pamapuwo angakhale odzaza ndi asodzi.

Gawo lachinayi: Gwirizanitsani chithunzi chilichonse ndi msinkhu wa madzi

Pano ndi pamene kafukufuku wambiri wa magombe amasokonekera, ndipo ndi pofunika kuchitapo chifatse. M'magombe ambiri nyanja imadzaza kawiri patsiku, motalikirana maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25, ndipo imadzaza ndi kuphwa kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala kumdima. Kusiyana kwa msinkhu wa madzi kumadalira malo: ku Mediterranean kumakhala kochepa kwambiri, pamene ku Bay of Fundy m'dziko la Canada kumafika mamita pafupifupi 16.

Tiyerekeze kuti gombe lanu ndi lotsetsereka pang'ono, moti limatsika mita imodzi pa mamita 50 alionse. Ngati chithunzi china chinajambulidwa madzi atakwera mita imodzi kuposa pa chithunzi chinzake, mzere wa madzi udzaoneka utalowa kumtunda mamita 50, pamene mchenga sunachoke ngakhale chikho chimodzi. Wofufuza wosasamala adzalemba kuti gombe lakokoloka, ndipo akuluakulu akhoza kuvomereza kumanga khoma lodula pamalo amene sakufunika khoma.

Pofuna kupewa zimenezi, lembani tsiku ndi ola la chithunzi chilichonse, podziwa kuti masetilaiti amalemba nthawi ya UTC, imene ndi nthawi imodzi yotsatidwa padziko lonse, osati ya m'dera lanu, kenaka pezani msinkhu wa madzi pa ola limenelo kuchokera pa chipangizo choyezera madzi cha padoko lapafupi kapena pa tchati cholosera za kudzaza kwa nyanja. Yerekezani zithunzi zokhazo zimene madzi anali pamsinkhu wofanana, ndipo zikhale za nyengo imodzi ya pachaka, popeza mafunde amphamvu amachotsa mchenga umene umabwereranso nyanja ikadekha. Njira ina ndi kusiya mzere wa madzi ndi kutsata chinthu chosasuntha tsiku ndi tsiku, monga pamene zomera zimathera kapena m'mphepete mwa phompho. Mukasankha chizindikiro chimodzi, musachisinthe pakati pa kafukufuku.

Palinso msampha wina wobisika. Mapu a kumtunda amawerengera kutalika kuchokera pa msinkhu wapakatikati wa nyanja, pamene matchati a oyendetsa sitima amawerengera kuya kuchokera pa msinkhu wotsika kwambiri wa madzi, kuti sitima zisagunde pansi. Mukalumikiza mapu awiriwa osawasintha, pagombe padzaoneka chitsikiro chimene kulibe.

Gawo lachisanu: Pitani kumaloko

Kompyuta imatha kusokoneza matope ndi madzi osaya, kapena udzu wa m'nyanja ndi mthunzi wa mtambo, ndiye palibe chimene chingalowe m'malo mwa kuyenda pagombe ndi kukwera bwato. Sankhiranitu malo oti mukaone, ndipo pamalo alionse lembani manambala a GPS, ola, chimene chili pansi ndi chithunzi chake. GPS ya mu foni imaphonya ndi mamita asanu kapena kuposerapo, zimene ndi zokwanira potsimikiza mtundu wa zomera koma zosakwanira poyeza kukokoloka kwa chaka chimodzi. Pa ntchito imeneyo pamafunika zida za GPS zapadera zotchedwa RTK zimene zimayeza mpaka masentimita. Pa kuya kwa madzi, chida cha echo sounder chimatumiza phokoso pansi ndi kuwerengera nthawi imene latenga kuti libwerere, potengera kuti phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi m'madzi amchere.

Khalaninso pansi ndi asodzi, otola nkhono ndi okocheza mabwato, muwayalire chithunzi chachikulu chosindikizidwa papepala kuti aloze kumene nsomba zimaswana, kumene amadutsa ndi kumene kunali mchenga kale. Akazi ndi amuna kawirikawiri amagwira ntchito m'malo osiyana a gombe, choncho funsani magulu onse awiri. Musanalembe chilichonse, gwirizanani nawo za amene adzaone mapuwo, chifukwa malo amene msodzi amaphako nsomba zambiri ndi chinsinsi chimene chimadyetsa banja lake.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: Santhulani

Polekanitsa madzi ndi nthaka, gwiritsani ntchito kawerengedwe ka NDWI, kamene kamadalira mfundo yakuti madzi amameza kuwala kwa near-infrared, kumene maso a munthu sangakuone koma masetilaiti amakujambula. Mukapeza mizere ya gombe ya zaka zosiyanasiyana, chida cha DSAS cha bungwe la United States Geological Survey chimajambula mizere yodutsa gombelo motalikirana mofanana ndi kuwerengera mamita amene lasuntha pachaka. Ndi bwino kugwiritsa ntchito mizere ya zaka zambiri kusiyana ndi yoyamba ndi yomaliza yokha, popeza namondwe mmodzi wochitika chithunzi chisanajambulidwe angapotoze zotsatira zonse.

Ngati cholinga ndi kugawa nyanja m'madera a ntchito zosiyana, sanjikizani mapu a zachilengedwe, a usodzi, a njira za sitima ndi a zokopa alendo, kuti muone pamene zofuna zikuwombana. Pulogalamu ya Marxan, yosankhira malo oti atetezedwe, inathandiza pa ntchito yotere ku Great Barrier Reef m'dziko la Australia, kumene mu 2004 malo oletsedwa kuphamo nsomba anakula kuchoka pa gawo losakwana 5 pa 100 kufika pa pafupifupi 33 pa 100. Koma ngakhale kumeneko malire omaliza anakhazikitsidwa anthu ambiri atapereka maganizo awo.

Sungani padera ena mwa malo amene munakaona ndi maso, osawagwiritsa ntchito pophunzitsa kompyuta kuzindikira zimene zili pa zithunzi, kuti muyesere nawo mapu anu ndi kudziwa kuti akulondola kangati pa 100.

Gawo lomaliza: Konzani mapu oti ena awawerenge

Mapu opita kwa opanga ziganizo akhale ndi uthenga umodzi, mitundu yochepa, sikelo, muvi wolozera kumpoto ndi tanthauzo la chizindikiro chilichonse. M'munsi mwake lembani gwero la zithunzi, masiku ake, dongosolo la manambala, msinkhu wa madzi ndi kukula kwa cholakwika chimene chingakhalepo. Ngati mwapeza kuti gombe labwerera mamita 8 pamene njira yanu ingaphonye ndi mamita 15, nenani mosabisa kuti kusinthako sikunatsimikizike. Mukatero bwererani ndi mapuwo kwa asodzi aja kuti akonze zimene mwalakwitsa musanawasindikize, ndipo mafailo onse muwasunge m'malo awiri pamodzi ndi kalata yofotokoza mmene munawapangira, kuti amene adzayeze gombe lomwelo zaka khumi zikubwerazi adzathe kusankha chithunzi chojambulidwa madzi ali pamsinkhu wofanana ndi wanu.