Mwana wakula, nanga beseni, zitini ndi neti zija tizitani nazo?

Sabata yatha ndimayenda m'makomo cha ku Malindi uko, khomo lina ndapeza kuseri kwa bafa kuli beseni la mwana long'aluka, zitini za mkaka zitatu ndi neti yakale zonse zili mbwee pansi, m'zitinimo muli madzi a mvula timphutsi ta udzudzu tikungovina. Kuwafunsa mayi a pakhomopo akuti mwana anakula alangizi, nde tizitani nazo. Funso limeneli ndimalimva pafupipafupi nde ndati ndilembeko.

Tiyambe ndi beseni poti ndi limene limandiwawa ndikaliona litatayidwa. Kuno kwathu makamaka m'mbali mwa nyanja dothi ndi mchenga okhaokha, mukathirira madzi amangolowa pansi ngati mwathira mu sefa, pomwe beseni long'aluka lija ndi dimba lokwanira ndithu. Tenthetsani msomali pa mbaula muboole pansi mabowo 8 kapena 10, ikani timiyala pansi, kenako dothi losakaniza ndi manyowa owola bwino, a mbuzi kaya a khola la nkhuku koma akhale owola osati a dzulo, amawotcha mbewu. Fesani mpiru, bonongwe, chayinizi olo anyezi wa masamba. Dzuwa la mu Okutobala likafika poti mchenga sukupondeka mumangolinyamula kuliika pansi pa mtengo wa mango, madzi ake omwe mwatsukira mpunga kapena masamba aja akwana, bola asakhale a sopo wambiri. Mwana yemwe ankasambira m'menemo uja ndi amene azidya masambawo mu phala. Liikeni pa thandala chifukwa mbuzi za kuno inu mukuzidziwa.

Koma beseni kapena ndowa ya matewera imene ili yabwinobwino, musaisiye ndi madzi pabwalo. Mwana okwawa akagweramo chamutu satha kudzuka yekha, madzi ochepa kwambiri amakwana kumupha, ndipo sakuwa. Komanso ndi kutentha kwa kuno udzudzu umaswana nkuyamba kuuluka pa sabata imodzi kapena masiku 10 basi. Mukamaliza ntchito vundikirani.

Zitini za mkaka zija za magalamu 400 zili ndi chivindikiro chothina bwino, sungiranimo mbewu. Nthanga za maungu, khobwe, therere, tomato wa lokolo, ziumitseni kaye mpaka mukaluma imveke kuti gwa, sakanizani ndi phulusa losefa pang'ono, tsekani, ikani pozizira osati pafupi ndi moto. Anankafumbwe salowamo, khoswe nayenso amangozungulira. Chitini chimene chachita dzimbiri chibooleni pansi mufeseremo mitengo, nsangu kapena chammwamba.

Botolo loyamwitsira lokha ndilankhula mokalipa pang'ono. Ife a zaumoyo timati mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, akayamba zina amwere m'kapu chifukwa botolo limavuta kutsuka ndipo limabweretsa kutsegula m'mimba, nde kulipereka kwa mnzanu amene wangotuluka m'chikuta si mphatso ayi. Ndipo chonde abambo, musathiremo palafini, petulo wa injini ya boti kapena mankhwala opopera tomato poti lili ndi timizere toyezera. Mwana amalidziwa botolo lake, akaliona pansi pa bedi amwa basi. Ngati mukufuna ligwire ntchito dulani kumwambako muziikamo mapini ndi mabatani, apo ayi likwirireni.

Neti. Apa pokha tisanamizane, tonse timaziona kugombe, ku Malombe kaya ku Makanjira, neti ya kusikelo itasokedwa kukhala khoka. Maso ake ndi ang'ono kwambiri imakokolola ndi tiana ta chambo tomwe, malamulo a za usodzi amaletsa, ndipo mawa ndife tomwe tidandaule kuti chambo chasowa. Neti imakhala zaka ngati 3, ikang'ambika pang'ono sokani mwana apitirize kugonamo, malungo saona kuti wasiya kuyamwa. Ikatheratu ndipo mwapeza ina, idulenidulani mutchinge mawindo, ina muphimbire nazale kuti ziwala ndi nkhuku zisafike, ina mutchingire anapiye kuti mphamba asawatole. Musayanikepo usipa poti ili ndi mankhwala, ndipo musaiotche, utsi wake ndi oipa.

Za zovala ndikudziwa pali mantha. Agogo ena amati chovala cha khanda sichituluka pakhomo, wina angachitengere kwina nkumuchita mwana chipongwe. Sindikangana nawo agogo, ine ndimangoti ngati mtima sukulola kupatsa munthu wapadera, patsani achemwali anu kapena alamu anu, kaya sungirani wobwerayo. Timalaya ta khanda timavalidwa miyezi iwiri itatu tikadali tatsopano, pomwe kaunjika pa msika mtengo wake mukuuona nokha. Chachikulu chapani ndi madzi otentha chifukwa cha mphere, yanikani pa chingwe osati pa mchenga, nkusita, chifukwa ntchentche ija ya mphutsi imaikira mazira pa chovala chonyowa chimene chili pansi, makamaka chonunkha mkodzo. Zikauma bwino muike mu ndowa ya chivindikiro.

Timabulangete tofewa ndi mashawelo otha aja ndi nsalu yabwino yosokera mapadi ochapa a atsikana, amayi a mother group kusukulu ambiri amadziwa kadulidwe kake, afunseni. Matewera a thaulo aphikeni kaye m'madzi owira kenako akhale okolopera kapena opondapo pakhomo, koma opukutira mbale ayi, olo ayere bwanji.

Mapampasi ogwiritsa kale ntchito alibe ntchito ina, tisavutike nkuganiza. Chimbudzi cha mwana chili ndi tizilombo ngati cha wamkulu yemwe, ndipo tonse tikukumbuka kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Mangochi ili m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri. Nde kuponya pampasi mu Shire kapena kugombe komwe anzanu akutunga madzi ndi kutsuka mbale, aaa ayi. Chotsani chimbudzicho chipite m'toileti, pampasiyo mukwirire m'dzenje lakuya loti galu asafukule.

Kabuku ka kusikelo kokha musakapatse ntchito ina. Ndinapezapo kena atang'amba masamba nkukulungira zitumbuwa ati mwana anamaliza katemera. Kamene kaja adokotala amakafuna olo mwana ali sitandade 5, kaikeni mu jumbo mukasunge pamodzi ndi chiphaso chanu.